Nsapato ya malemu mu poto wa Pasika

Aphungu,

Anayamba kundiuza nkhaniyi ndi Habiba, mnzanga wa khomo loyang'anizana ndi langa, amene maso ake anafooka pa china chilichonse kupatula pa foni. Linali Lachiwiri m'mawa, ine manja ali m'mbale ndikukanda ufa wa kube, zitumbuwa za nyama za kwathu. Anagogoda ndi chigongono, n'kulowa ndisanamuyankhe.

"Naima," anatero, "mkulu wako wadzuka kumanda. Wayambira kumapazi."

Ndinati, "Khala pansi kaye, ungandigwere m'mbale."

Anandiyandikizira foni kumphuno. Munali chithunzi cha mdzukulu wanga Lihi atakhala pa mpando wautali, mwendo pamwamba pa unzake, tsitsi atalipinda mipukutu iwiri pamphumi ngati mabanzi, milomo ili psuu, diresi la madonthomadontho. Zonsezo ndinazizolowera kalekale. Koma kumapazi kunali nsapato zofiira za zidendene zazitali, zokhala ndi kalamba pa kakolo, ndipo ndinazidziwa ndisanavale magalasi. Habiba anandiwerengera mawu amene anali pansi pake: "Izi ndizo ndidzavale pa ukwati wanga. Zinali za mkulu wa agogo anga, malemu a Violeti."

Ndikuuzeni kaye kuti ine sukulu sindinaiponde. Tinafika kuno kuchokera ku Baghdad ndili ndi zaka zisanu ndi ziwiri, ndipo anzanga akamapita kukaphunzira zilembo ine ndinkatsala m'tenti, mwana wa mayi ali m'manja. Zonse zimene ndikudziwa zinalowera kukhutu. Kalatayi ndikuyankhula, foni ndiyo ikulemba, ndiye mukapeza pokhota mlandu ndi wa foni. Danga lanuli amandiwerengera Habiba yemweyu Lachisanu lililonse m'mawa tikumwa tiyi, choncho mayina musinthe.

Lihi ndi mwana wa mwana wanga wamwamuna. Atamaliza usilikali sanafune za yunivesite. Iye ndi mnzake Dafna, amene ankagona naye chipinda chimodzi ku usilikaliko, anatsegula saluni ku Yafo, kuseri kwa msika wa zinthu zakale. Si saluni yometera. Kumapita akazi ofuna kuoneka ngati atsikana a pa makalendala akale a ku America, aja a m'chiuno mothina, atagwira telefoni, kukamwa kuli yasa ngati aona khoswe. Dafna amapinda tsitsi, Lihi amapaka nkhope n'kujambula. Kumabwera atsikana ongovula kumene yunifomu, akwatibwi, amayi a ana anayi, ndipo tsiku lina ndinapezako mayi wa msinkhu wanga atavekedwa kachipewa ka amalinyero. Lachinayi akatseka amakavina kudoko nyimbo za malipenga, anyamata atapaka tsitsi mafuta mpaka mutu kuwala ngati biringanya. Mwamuna amene akumukwatira, Omri, anamupeza kumeneko. Masana amakonza makompyuta, akaweruka amavala buluku la malamba a m'mapewa ngati agogo ake.

Lihi amakonda kunena kuti, "Agogo, nthawi yanu inali yokongola."

Ine ndimati, "Nthawi yanga inali ya matope, makuponi ndi mazira a ufa. Tsitsi tinkalipinda ndi madzi a shuga, ntchentche n'kutiperekeza mpaka ku kanema."

Amaseka, n'kulemba za shugazo mu foni. Sindilimbana naye. Atadzilemba kambalame paphewa ndinangophunzira kukhala mbali inayo ya tebulo. Ndikunena izi kuti musaganize kuti ndine nkhalamba yodana ndi milomo yofiira.

Mkulu wanga Violeti anamwalira miyezi inayi yapitayo ku Petah Tikva, wamasiye, wopanda mwana. Anali telala moyo wake wonse. Atakwana masiku makumi atatu a maliro tinapita kukachotsa katundu m'nyumba mwake. Madiresi ndinauza Lihi kuti atenge onse amene akufuna, ndipo anatenga mpaka mapitikoti. Zovala za malemu zimaperekedwa, palibe cholakwika. Nsapato ayi. Mayi anga ankati wovala nsapato za wakufa amalondola mapazi ake. Ndinachita mmene ndinkaonera akuchita kuyambira ndili mwana: majumbo awiri, zakumanzere umu, zakumanja umu, jumbo lina kukaliponya mu bini ya msewu uno, linalo mu bini ya msewu wina, kuti pasapezeke wozilumikizanso.

Pamwamba pa wadilopu, kuseri kwa mabulangete, panali bokosi lomangidwa ndi chingwe. Nditavundukula n'kuona kufiira sindinayang'ane kawiri. Ina umu, ina umu. Lihi anati, "Agogo, mawondo anuwo ndi masitepe aja sizigwirizana. Ndikutayireni ine." Ndinayamika mumtima kuti mwana uyu analeredwa bwino.

Ndiye chithunzi cha Habiba chija chinandiuza kumene majumbo anga anathera. Lachisanu, Lihi atabwera ndi Omri kudzadya chakudya cha Sabata, ndinamudikira amalize msuzi, chifukwa munthu wanjala sakumva.

Ndinati, "Nsapato zija zinali zotaya."

"Sizinafike kotayirako, agogo. Zinathera pa masitepe."

"Za malemu sizivalidwa."

"Madiresi awo ndikuvala, ndolo zawo ndikuvala. Kodi anamwalira kumapazi kokha?"

"Gula zoyera ngati mkwatibwi aliyense."

"Zoyera ndi za anamwino. Izi mungazungulire msika wonse wa Yafo simungazipeze, ndipo zikundikwana ngati anachita kundiyeza."

Omri anafuna kuthandiza. Anati anawerenga penapake kuti mwambowo unayamba chifukwa choopa matenda opatsirana. Ndinamuwonjezera mpunga n'kumuuza kuti adye. Nkhani inathera pomwepo, ndipo potsanzikana Lihi anandipsompsona n'kundisiyira chizindikiro chofiira patsaya, monga amachitira masiku onse.

Lamlungu ndinaphika kube wodzadza poto, n'kukwera mabasi awiri kupita ku Yafo. Sindinganene kuti ndinapita ndi maganizo oba. Ndinapita ndi poto. Nsapato zija anali ataziika pa shelefu yawo yokha, pansi pa kanyali, ngati katundu wa m'nyumba yosungira zinthu zakale. Atsikanawo anadya ali chiimire, kasitomala ali pa mpando mutu uli mu makina oumitsira tsitsi. Ine ndinatsuka poto kuseri, n'kumupukuta. Kenaka Lihi anatengera kasitomala uja ku kachipinda kojambulira, Dafna anamutsatira ndi chipeso pakamwa, ndipo ndinamva Lihi akuti, "Chibwano m'mwamba, mayi, muganize kuti mwamuna wanu watsuka mbale." Onse anaseka. Ine ndinatenga yakumanzere, ndinaikulunga m'kathaulo, ndinaiika mu poto n'kuvundikira. Ndinaganiza kuti nsapato imodzi sivalidwa, inayo adzaitaya yekha, ndiye mwambo udzakhala utakwaniritsidwa, ina kuno ina uko, monga zinayenera kukhalira pachiyambi.

Amene anandinyamulira poto mpaka pokwerera basi ndi Dafna. Panjira anati, "Agogo, poto wanuyu akulira."

Ndinati, "Ndi supuni."

Anandikweza basi, n'kuuza dalaivala kuti asanyamuke ndisanakhale pansi.

Kunyumba ndinasamutsira nsapatoyo mu poto wamkulu wa Pasika, wopatulidwira chakudya cha chikondwererocho chokha, amene amakhala pamwamba pa kabati wa m'khitchini ndipo sakhudzidwa ndi munthu chaka chonse. Ili momwemo mpaka lero.

Ine ndinkayembekeza kulira kwa tsiku limodzi, kenaka ulendo wa ku sitolo. Sizinayende choncho. Ndinali sindikudziwa kuti milungu iwiri m'mbuyomo Dafna anapempha kubwereka nsapatozo kuti akavinire pa mpikisano wa kudoko, Lihi n'kukana, ndipo anasemphana mawu. Makiyi a saluni ali ndi awiriwo basi. Lihi anafunafuna masiku atatu, anasuntha sofa, anang'amba mabokosi, anafunsa makasitomala onse a mlunguwo. Tsiku lachinayi anabwera kwa ine, nkhope yosapaka, ndipo ndinatsala pang'ono kumufunsa kuti ndinu yani. Anakhala pa tebulo la m'khitchini, pansi penipeni pa kabati uja.

"Ndi Dafna," anatero.

Ndinati, "Dafna atenge imodzi kuti achite nayo chiyani? Ali ndi miyendo iwiri."

"N'chifukwa chake ndikudziwa kuti ndi iye. Wakuba amatenga zonse ziwiri, agogo. Wanjiru ndiye amatenga imodzi."

Ndinanyamula ketulo. Ndinamuthirira tiyi.

Anandiuza kuti anamufunsa Dafna maso ndi maso pamaso pa kasitomala. Dafna anavula epuloni, anaipinda bwinobwino, anaika makiyi pa shelefu ija pambali pa nsapato yotsalayo, n'kutuluka. Mpaka pano sanabwerere. Tsopano akulankhulana kudzera mwa Omri, ndipo zimene akukambirana ndi za kugawana katundu: makina oumitsira tsitsi kwa uyu, nyali zojambulira kwa uyu. Dafna ndiye anayenera kupinda tsitsi la mkwatibwi, ndipo mipukutu ya pamphumi ija Lihi sadziwa kudzipinda yekha. Atsikana amenewa adyera mbale imodzi zaka zisanu ndi zinayi. Ukwati watsala ndi masiku khumi ndi asanu ndi limodzi.

Asanachoke, Lihi anandigwira dzanja n'kunena kuti, "Inu munandiuza pamaso kuti simukuzifuna. Inu nokha ndi amene simundizembera."

Ndinamulongedzera mabisiketi a zipatso za kanjedza kuti akadye m'basi.

Mwina mukudabwa kuti nsapatozo ndinazidziwa bwanji ndisanavale magalasi. Izi sizikukhudzana ndi funso langa, koma lilime langa likayamba kuyenda silikhala ndi mabuleki. Chinali chaka cha 1958, titachoka m'tenti tili m'nyumba ya malata. Violeti anali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, ankasoka m'sitolo ina ku Tel Aviv, ndipo anaona nsapato zotere ku kanema, kumapazi kwa mzimayi wa ku America amene ankavina pa masitepe. Amene ankayendetsa makina a kanema kwathu kuno anali mnyamata wina dzina lake Ezra, wa makutu aakulu, woseka ndi mapewa. Ankatilowetsa pa khomo lakumbuyo. Ezrayo anaitana Violeti ku gule wa chikondwerero cha Purimu, ndipo Violeti anagula nsapatozo n'kuzibisa m'thumba la mpunga, chifukwa bambo athu ankati nsapato zofiira ndi za akazi oimba m'malo omwera mowa.

Ine ndinali ndi zaka khumi ndi zinayi, ndipo mpunga ndinkatunga ndine. Nditazipeza ndinamupempha kuti ndingoziyesa.

Anati, "Ndi mapazi ako a bakhawo? Uzazikulitsa. Bwezera."

Ndinabwezera, kenaka ndinakauza bambo. Bambo sanali munthu wokuwa. Pa chakudya chamadzulo anaziika pa tebulo pambali pa buledi, n'kudalitsa chakudya monga masiku onse. Palibe anadya kupatula iwo. Ku gule Violeti sanapite, ku sitolo ya ku Tel Aviv sanabwererenso, ndipo isanathe miyezi itatu anamukwatitsa kwa Salim, msuweni wathu wogulitsa nsalu, amene anamuposa ndi zaka makumi awiri. Salim sanali munthu woipa. Ankagona msanga, basi. Ine ndinkayesa kuti nsapatozo bambo anaziwotcha. Nditaona bokosi lija pa wadilopu ndinangoti, kani mayi anamubisira, ndiye kuti ankazivala ku maukwati a ku Petah Tikva ine kulibe. Violeti ndi ine tinakhala bwino zaka zonsezi. Diresi langa la ukwati anasoka ndi iye, ana anga onse anawasambitsapo. Sanandifunsepo kuti anauza bambo ndani, inenso sindinanenepo. Koma monga ndanenera, izi ndi zakale, funso langa ndi la mwambo.

Dzulo masana ndinatsimikiza kuti nsapatoyo ichoke m'nyumba mwanga. Ndinaganiza njira ziwiri. Yoyamba, kuiponya m'zinyalala, atsikanawo adzagwirizana okha nthawi ikapita. Yachiwiri, kupitanso ku Yafo ndi poto, n'kuigwetsera kuseri kwa sofa kuti Lihi aipeze yekha, Dafna ayere, koma ndiye kuti mdzukulu wanga adzalowa m'banja atavala nsapato za wakufa, ine ndikuonerera. Ndinasankha zinyalala, chifukwa galimoto yake imadutsa Lachinayi m'mawa.

Lero kutacha ndinakwera pa mpando, ndinatsitsa poto, ndinatuluka naye pakhonde pamene pali kuwala. Ndinafuna kudula kalamba ndi sizasi kaye, kuti wotola m'zinyalala asapusitsike. Chikopa chake n'chofewa, Aphungu. Chikopa cha zaka zoposa makumi asanu ndi limodzi chimayenera kuuma n'kusweka, koma ichi chikununkhira mafuta, ngati munthu ankachipaka chaka ndi chaka. Kenaka ndinaitembenuza. Kunsi kwake n'koyera ngati m'kati mwa buledi. Palibe pokalika ngakhale pamodzi. Nambala imene wa m'sitolo analemba ndi pensulo ikuonekabe, ndipo chimene chinamatirirapo ndi kaubweya ka kapeti wa m'chipinda chojambulira cha Lihi. Nsapato iyi sinapondepo msewu.

Galimoto ya zinyalala inabwera, inaima pansi pa khonde langa, anyamata anakhuthula mabini onse, inapita. Ine ndinali chikhalire, sizasi ili pamiyendo. Nsapato ndaibwezera mu poto, poto ndamubwezera pa kabati. Kodi nsapato imene mwini wake sanayendepo nayo ndi nsapato ya wakufa? Ndipo ngati si ya wakufa, ndiigwetsere mbali iti ya sofa?

N.K., Or Yehuda

Mayi N.K.,

Kuseri kwa sofa musaigwetsere, mbali iliyonse. Lihi anasuntha kale sofayo, akudziwa fumbi lililonse la kumeneko. Nsapato ikapezeka malo amene anafunapo kale, adzati Dafna wachita mantha n'kuibweza mozemba, ndipo mudzakhala mutamumangira mtsikana wosalakwa mfundo yachiwiri pamwamba pa yoyamba.

Mwandifunsa za mwambo, koma choyamba ndi Dafna. Mwanayo anakunyamulirani poto, anauza dalaivala kuti akudikireni, ndipo lero alibe ntchito, alibe mnzake, dzina lake ladetsedwa pamaso pa kasitomala. Palibe mwambo wa makolo athu umene umalola zimenezo. Nthawi sidzawagwirizanitsa okha. Anthu akayamba kugawana makina oumitsira tsitsi ndiye kuti nthawi ikugwira ntchito yowalekanitsa.

Chitani izi. Muimbireni Omri, popeza ndiye mlatho wokhawo umene watsala, mumuuze kuti abweretse Dafna ku saluni chifukwa agogo ali ndi mawu. Kwerani mabasi anu awiri aja ndi poto wanu. Atsikanawo akakhala pansi, vundukulani, munene kuti, "Ndinatenga ndine." Mukatero muime kaye. Musathamangire kuwonjezera "koma". Ndikudziwa kuti muli ndi nkhani zokwana kudzadza basi, koma tsiku limeneli mawu awiriwo atsogole okha. Kenaka mutembenukire kwa Dafna, mumupepese pomutchula dzina, ndipo Lihi aone kuti munthu wa zaka zanu akutha kupepesa, chifukwa iyenso ali ndi kupepesa kwake kumene kukumudikira. Zimenezo musamuchitire, ndi zake.

Yembekezerani kuti Lihi akwiya, mwina kwambiri. Anakuuzani kuti inu nokha simumuzembera, poto ali pamwamba pa mutu wake. Akapanda kukuimbirani masiku angapo, musatumize mabisiketi, musadwale mwadzidzidzi, musadandaule kwa bambo ake. Mkwiyo umene wagwera pa mwini wake umapsa n'kuzima. Umene wagwera pa munthu wosalakwa ndi umene umanyeka zaka.

Za mwambo, ine si rabi, ndipo sindikufuna mukanene kuti aphungu a m'nyuzipepala aloleza. Chimene ndikudziwa n'chakuti aphunzitsi ambiri amasiyanitsa nsapato zimene munthu ankavala m'matenda ake omaliza ndi zimene sanazivale, ndipo ena amachita mosiyana malinga ndi kumene makolo awo anachokera. Pitani nokha kwa rabi wa ku sunagoge wanu, paja kandimverere anakanena za m'maluwa. Tengani nsapatoyo, muwaonetse kunsi kwake ndi nambala ya pensulo ija. Ngati Lihi angalole, mupite naye. Koma mupite mutaulula kale, ndipo musapite kukasaka "ayi" woti mubisalemo. Akaloleza, nkhani yatha. Akakayikira, muuzeni Lihi mantha anu kamodzi, momveka, kenaka mukumbukire kuti mapaziwo ndi ake. Muli komweko mufunsenso za poto wa Pasika amene wasunga nsapato milungu iwiri. Rabiyo akhala ndi tsiku losangalatsa.

Tsopano za thumba la mpunga, zimene mwanena kawiri kuti sizikukhudzana ndi funso lanu. Munthu sanena kawiri za chinthu chosakhudzana. Mayi anga, aka ndi kachiwiri mukulanda mtsikana nsapato zomwezi gule atatsala pang'ono. Koyamba munali ndi zaka khumi ndi zinayi, atakunenani kuti muli ndi mapazi a bakha. Munachita zimene ana opwetekedwa amachita. Amene anaika nsapato pa tebulo, amene analetsa ntchito, amene anasankha Salim, ndi bambo anu, ndipo katundu wawo musasenze inu. Koma kachiwirika ndinu wamkulu. Sindikukayika kuti mwambo mumauopa zenizeni. Ndikungoona kuti nsapato zina zonse za Violeti munazisankha ndi maso otsegula, izi zokha ndi zimene simunathe kuziyang'ana kawiri.

Chimene Violeti ankaganiza akamazipaka mafuta sindikuchidziwa, inunso simukuchidziwa, ndipo musalole munthu akuuzeni kuti akuchidziwa. Mwina ankakumbukira Ezra, mwina ankangokonda chikopa chabwino monga telala aliyense. Chodziwika n'chakuti sanazitaye, sanazilole kuuma, ndipo diresi lanu la ukwati anasoka ndi manja omwewo. Mkwiyo wa Lihi ukatsika, mufotokozereni nkhani yonse mmene mwandifotokozera ine, osasiya mapazi a bakha, osasiya amene anauza bambo. Mwanayo amakonda zaka zimenezo kuchokera pa makalendala a anthu ena. Za kwawo sanamvepo. Akamva, adzasankha yekha ngati nsapatozo zikavine kapena zikhale pa shelefu, ndipo chilichonse chimene angasankhe adzakhala akudziwa chimene wavala.

Chenjezo langa ndi ili. Mayina ndasintha monga munapempha, koma nsapato yofiira mu poto wa Pasika ilipo imodzi yokha m'dziko lino, ndipo amene akukuwerengerani mawu awa ndi mnzanu wa khomo loyang'anizana uja. Ndikuganiza kuti munadziwa zimenezi pamene munkayankhula ndi foni yanu, ndipo mumafuna nkhaniyi ituluke popanda kudzera pakamwa panu. Musalole. Lihi akaimva kwa munthu wina, idzakhala nkhani ya agogo ogwidwa, osati ya agogo oulula. Lero ndi Lachisanu, mabasi asiya kuyenda dzuwa lisanalowe chifukwa cha Sabata, ndipo mawa m'mawa mnzanuyo adzakhala pa benchi ya amayi ku sunagoge. Musiyeni amalize tiyi wake yekha. Inu kwerani pa mpando, mutsitse poto.

Aphungu